Chithunzi Chopanda Chitsulo

Awatef anatsamiritsa chithunzi chachiwiri cha kuchipatala pa galasi la zenera, pambali pa chinzake, dzuwa n'kuboola zonse ziwiri. Kwa iye zinali mitambo yotuwa chabe pa pulasitiki wakuda. Koma Mervat, mnzake wa kusukulu amene tsopano ankagwira ntchito yowerenga zithunzi zoterezi ku Alexandria, anali atabwera kudzapepesa maliro, ndipo Awatef anamukokera kuchipinda cha malemu bambo ake asanamalize n'komwe khofi.

"Iwe, ine ndabwera kudzalira nawe, osati kudzagwira ntchito," anatero Mervat monong'ona, akukonza mpango wake wakuda.

"Ulira ukatha. Tandiuza, zinatheka bwanji kuti adokotala anene kuti n'kanthu kakang'ono, chaka chisanathe ife tili m'zakuda?"

Panja chimkuzamawu chinkawerenga Kurani. Azibambo anali m'tenti pamsewu, azimayi atadzaza pabalaza, chifukwa linali tsiku lomaliza lolandira opepesa maliro a Bayoumi, bambo ake a Awatef. Mervat anausa moyo n'kutulutsa magalasi m'kachikwama.

"Ichi ndi cha CT," anatero akuloza chakumanzere. "Makina amenewa ndi achangu, ndipo amaona bwino ngati matenda athawira kwina. Koma chikhodzodzo amachiona ngati munthu woona nyumba ali pamsewu. Akuuza kuti khoma ndi lochindikala, koma pamene pathera pulasitala n'kuyamba njerwa sangakuuze. Apa lachindikaladi, inenso ndikanada nkhawa. N'chifukwa chake anawatumiza ku MRI. Mzere wake ndi wa miyezi, koma iyo imaona pulasitala payekha, njerwa pazokha."

"Ndiye inati chiyani?"

"Inati chotupa chakhala pamwamba, sichinalowe mumnofu. Chikakhala pamwamba amangochipala. Chikalowa mumnofu amachotsa chikhodzodzo chonse. Dokotala aliyense akanakhulupirira ichi cha MRI, ngakhale ine ndemwe."

Kenako Mervat anasendera pafupi ndi zenera, maso akudumphadumpha pakati pa zithunzi ziwirizo.

"Bambo ako anathyokapo mwendo?"

"Njati yathu yoweta inawaponda m'khola ndili mtsikana. Anawaika chitsulo pa fupa, cha m'chiunomu."

"Ndi ichi, chikuwala ngati nyenyezi pa CT. Chitsulo sichibisika, mwali. Pa MRI chimasiya chibanga chakuda chachikulu. Koma tayang'ana pa MRI apa, mafupa onse awiri ali mbee." Mervat anavula magalasi. "Dzina lili pamwambali ndi la bambo ako. Koma amene anagona m'makinawa si iwo."

Munthu akaferedwa amafuna womuloza chala, ndipo Awatef sanachite kuyenda mtunda kuti amupeze. Zithunzi zonse zinkakhala m'thumba limodzi lachikasu pamwamba pa kabati, ndipo wonyamula thumbalo kupita nalo kuchipatala anali mmodzi yekha: Ragab, mchimwene wake wamkulu, amene ankakhala pakhomo pomwepo ndi kulima munda wa bambo awo. Awatef anali mphunzitsi wa masamu, ndipo mtima wake unali wa ntchito yake yomweyo. Chinthu chikapanda kukwana, sankagona mpaka atapeza amene wabera.

Anaperekeza Mervat kumsewu n'kubwerera kudzera kukhitchini. Kumeneko anapeza mlamu wake Sabreen akusanja mathileyi a mpunga ndi abakha amene anansi anabweretsa, popeza nyumba ya maliro siisonkha moto. Awatef anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta matambula amene anali opukutidwa kale.

"Mlamu, achimwene anavutika nawo bambo, eti? Ulendo uliwonse wa kuchipatala iwo ali pomwepo."

"Musanene, alamu. Nsapato zinatha. Ena amangomva pafoni."

Awatef anaimva mbolayo koma anaimeza. "Ngakhale tsiku la makina aakulu aja? Akuti munthu amakhalitsa m'menemo."

"Tsiku limenelo ayi, linagundana ndi madzi. Ngalande inatsegulidwa, ndiye mpunga ukanapsa tikanaphonya..." Sabreen analuma mlomo. Anayang'ana mlamu wakeyo cham'mbali, n'kuyamba kukalipira mphaka amene sanalakwe kanthu.

Chikhalirecho Ragab anamuuza pafoni tsiku lomwelo kuti, "Tapita, ajambula, zonse zayenda bwino." Anati tapita. Awatef ankakumbukira bwino chifukwa anali ataimika phunziro kuti ayankhe foniyo.

Kuyambira pamenepo chilichonse pakhomopo chinayamba kumuuza zoipa. Zitsulo zimene zinatulukira pamwamba pa denga, zodikira nyumba yam'mwamba ya mwana wa Ragab, zinali pamenepo kwa zaka, koma lero zinaoneka ngati zaikidwa dzulo. Makiyi a nkhokwe anali kale m'thumba mwa Ragab. Ngakhale kulira kwa Sabreen, kumene dzana kunamukhudza mtima, tsopano kunamveka kokweza mopitirira. Opaleshoni yochotsa chikhodzodzo si yamasewera. Ikanafuna kuti mbali ina ya munda igulitsidwe, ndipo ndani sadziwa kuti mlimi angalole kudulidwa chala kusiyana ndi kudulidwa munda? Masana omwewo, itatha swala, abale a bambo awo ankayenera kukhala pansi kuti akambe za mundawo, ndipo aliyense ankayembekezera kuti Awatef achita zimene alongo amachita: kusiya gawo lake m'manja mwa mchimwene wake, n'kumalandira matumba a mpunga pokolola.

Awatef anamupeza Ragab kuseri kwa nyumba, akuponyera njati msipu. Anali atazemba kutenti. Ndevu zinali zitamera, mkanjo utakwinyika, maso ali psuu.

"Achimwene, tsiku la MRI munali kuti?"

Ragab sanatembenuke. "Mafunso ako aja wayamba. Pano si m'kalasi."

"Munandiuza kuti munapita nawo."

"Ndinawakweza minibasi. Anandikaniza okha, akuti sindine mwana, kathirire mpunga. Ukuwadziwa bambo akanena."

"Ndiye munandinamiza."

"Ndinakupulumutsa ku phokoso lako lomwe. Ndikanakuuza zoona ukanandilalatira mpaka foni kutha moto."

"Chithunzi chija si chawo."

Apa Ragab anatembenuka, msipu uli m'manja. Awatef anamuyang'anitsitsa nkhope ngati mmene amayang'anira mwana wogwidwa ndi kapepala pamayeso. Anaona kudabwa, koma anadziuza kuti kudabwa munthu amatha kuyeserera. Anafotokoza za chitsulo chija, za pulasitala ndi njerwa.

"Ndiye ukuti chiyani?" anafunsa Ragab pang'onopang'ono.

"Sindikuti kanthu. Ndikufunsa. Ndani anapereka thumba kwa adokotala?"

"Ine."

"Ndani anapindula atanena kuti opaleshoni yaikulu sikufunika?"

Msipu unagwa pansi. "Awatef, opa Mulungu."

"Mwina munagulitsa malo awo pamzere. Mwina munapeza chithunzi chopepuka kwa anzanu a kutauni, n'kulembetsa dzina. Ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo analowa m'manda ndi chikhodzodzo chimene chinayenera kuchotsedwa."

"Ine amene ndinkawasambitsa? Ine amene ndinkataya beseni la magazi m'mawa uliwonse, iwe uli ku Alexandria kupereka malamulo? 'Achimwene musawauze. Achimwene, akamva dzina la matendawa afa ndi mantha. Muziwasiya pabenchi panja, muzilowa nokha kwa adokotala.' Si iwe unawagwira dzanja n'kuwauza kuti ndi likodzo lakale lija, langosiya kachilonda? Ine ndinachita zonse zimene unanena, lero ndakhala wakupha?"

Zinali zoona, ndipo sizinali zachilendo. M'midzi yonse ya m'mbali mwa ngalande amuna a msinkhu wa Bayoumi anakula akukodza magazi, mpaka ena ankayesa ndiwo umuna. Likodzo analizolowera ngati udzudzu. Koma matenda amene likodzo limasiya m'chikhodzodzo munthu atakalamba, amenewo satchulidwa dzina pamaso pa wodwala. Amati matenda oipa aja, ndipo amatero ali kukhitchini. Mwana wabwino amabisira kholo lake, ndipo Awatef ankadziona kuti pa nkhani imeneyi anali mwana wabwino kuposa onse.

"Musasinthe nkhani," anatero. "Ndikaika zithunzi ziwirizi pamaso pa abambo aang'ono. Akaone okha. Ndipo gawo langa la munda ndikalitenga, ngakhale ndidzalemo minga."

"Kaike," anayankha Ragab. "Koma ukakatsegula pakamwa pamenepo, udziwe kuti mchimwene ulibenso."

Swala ya masana itatha, akuluakulu analowa m'chipinda cha alendo. Panali Fathallah, mng'ono wa malemu, amene tsopano anali mkulu wa banja, ndi asuweni awiri okalamba. Ragab anakhala pafupi ndi khomo, maso ali pa mkeka. Awatef anakhala moyang'anana naye, thumba lachikasu lili pamiyendo, atalikumbatira. Ankamukonda Ragab, pakuti ndiye amene anamuphunzitsa kukwera bulu, ndipo chikondi chimenecho n'chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri.

Fathallah anatsokomola. "Mwana wa achimwene, ndamva kuti uli ndi mawu tisanayambe."

Awatef anali atalowetsa kale dzanja m'thumba pamene panja panamveka kagalimoto ka matayala atatu, tukutuku, kakuima, kenako mawu a nkhalamba ikukangana ndi anyamata a kutenti.

"Khofi ndimwa pambuyo! Ndikufuna ana ake, ndiwaone ndi maso anga!"

Analowa ndi ndodo, wamfupi, wowonda, m'kamwa muli mano owerengeka. Anali Desouki, amene anakumba ngalande limodzi ndi Bayoumi ali anyamata. Chifereni mkazi wake ankakhala kwa mwana wake wamkazi kutali, cha ku Tanta, ndipo uthenga wa maliro unamupeza mochedwa. Anapsompsona Ragab pamapewa onse awiri, anadalitsa Awatef, n'kudzigwetsa pa mpando popanda womuuza. Fathallah anayang'ana kudenga. Aliyense ankadziwa kuti Desouki akayamba kulankhula, tiyi amazizira.

"Mwataya munthu, ana inu. Simukudziwa n'komwe kuti mwataya ndani. Ine ndikuyenda lero chifukwa cha bambo anu. Anandilumbiritsa kuti ndisanene, koma lumbiro la kwa wamoyo limatha akapita, si choncho Fathallah?"

"Nenani mwachidule, a Desouki, tili ndi nkhani."

"Mwachidule ndi mmene ndimanenera nthawi zonse. Chaka chatha, nthawi ya mpunga, ndinkakodza magazi okhaokha, ofiira ngati madzi a chidede. Dokotala wa kwathu akuti pita ukajambulitse ku makina a phokoso aja, amene amakulowetsa ngati buledi mu uvuni. Ndikupita kukalembetsa, akuti bwerani nyengo yozizira. Ine ndilibe khadi la boma la kuchipatala, ndilibe mwana wamwamuna wondithamangira. Ndakhala pabenchi panja ndikulira ngati mkazi wamasiye, ndikungomva munthu akundimenya ndi ndodo pamwendo. 'Galu wokalamba iwe, ukulira chiyani pagulu?' Kutukula maso, Bayoumi!"

Asuweni aja anaseka pang'ono. Dzanja la Awatef linaima m'thumba muja.

"Ndinamufotokozera. Iye akuti, 'Langa ndi lero, tsiku lomwe lino. Lowa iweyo.' Ine ndikuti wapenga, nanga iwe? Akuti, 'Ine changa n'chiyani? Likodzo lakale, kachilonda chabe. Madokotalawa amangokonda zithunzi ngati akwati. Anandijambula kale kamodzi, afunanso chiyani?' Ndinakana, Mulungu ndi mboni. Ndinati Bayoumi, bwanji ngati akukubisira? Anandiyang'ana moipa, mukudziwa diso lake lija. Akuti, 'Mwana wanga wamkazi ndi mphunzitsi. Wandigwira dzanja n'kundiuza yekha. Ana anga sandinamiza.'"

Fathallah anayamba kusuntha mikanda yake ya swala mofulumira. Awatef anafuna kuti wina atsegule zenera.

Desouki sanaone kanthu, anali m'kati mwa nkhani yake. "Chithunzi chitatuluka tinakachitenga tonse. Ndinapita nacho kwa dokotala wanga, ndinamuuza kuti dzina asaliwerenge, awerenge mimba. Akuti mwayi wako, madala, chili pamwamba, sichinalowe. Anapala, anathira mankhwala, ndi ine pano ndikukodza ngati mwana wakhanda, pepani amayi. Ndiye ndinabweza chithunzicho, pakuti chinali chobwereka. Bayoumi akuti, 'Bweretsa msanga ndikachiike m'thumba Ragab asanazindikire. Mnyamata ameneyu anavutikira malo amenewa, akamva andidya wamoyo.' Ankakuopa iwe, Ragab! Munthu wosaopa njati, koma ankaopa mwana wake!"

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, yachisoni ndi yachimwemwe pamodzi. Ragab anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa ake ankagwedezeka popanda mawu. Tsopano zonse zinakwana, ngati samu imene yankho lake sukulifuna. Bambo anabweza chithunzi m'thumba, Ragab ananyamula thumbalo n'kulowa nalo yekha, adokotala anawerenga mimba ya Desouki, ndipo munthu yekhayo amene akanati chimenecho si changa anali atamusiya pabenchi panja kuti asamve.

Awatef anafuna kukuwa. Anafuna kuti pakhale wakuba, munthu woti amugwire pakhosi, koma m'chipinda monsemo munalibe. Munali nkhalamba yothokoza, mchimwene amene anangonama za madzi a mpunga, ndi iye mwini. Manyazi anamuwotcha nkhope, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chimene chinali chisanamufike chiyambireni maliro.

"Koma tandiuzani," anatero Desouki akupukuta maso ndi mkono wa mkanjo. "Chinamutenga n'chiyani? Munthu anali ndi kachilonda chabe. Si kachilonda komweko, eti?"

Anayang'ana Fathallah, Fathallah n'kuyang'ana mikanda. Anayang'ana asuweni, iwo n'kuyang'ana pansi. Nkhope ya nkhalambayo inayamba kusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wayamba kumva fungo la utsi m'nyumba mwake. Ragab anachotsa manja kumaso n'kutsegula pakamwa.

"Chibayo, bambo," anatero Awatef msanga. Mawu anatuluka owongoka, a m'kalasi. "Chibayo chinawagwira."

Desouki anatembenukira kwa Ragab. Ragab anayang'ana mlongo wake kwa nthawi, ndipo Awatef sanathawitse maso, ngakhale zinali zowawa.

"Chinabwera mwadzidzidzi," anatero Ragab. "Mphepo ya m'munda."

"Aa, mphepo! Ndinkamuuza ine, munthu wosamva ameneyu." Desouki anapuma mozama, mapewa n'kutsika.

Fathallah anatsokomolanso. "Mwana wa achimwene, unali ndi choti utionetse?"

Awatef anatulutsa dzanja m'thumba lija lopanda kanthu. Anapinda pakamwa pa thumbalo, anadzuka, n'kukaliika pambali pa Ragab, pamkeka. "Ndi za achimwene izi, bambo aang'ono. Ndimangowasungira. Za munda akambe iwo, ine ndimva."

Ragab sanalikhudze thumbalo, komanso sanalikankhe. Anangosendera pang'ono kuti mlongo wake apeze pokhala, ndipo Awatef anakhala pomwepo.

Desouki anali akufufuza m'thumba la pachifuwa. Anatulutsa kachipewa kaubweya, kofiirira, kothetheka m'mphepete. Awatef anakazindikira nthawi yomweyo. Chaka chatha anafunsapo kuti kanapita kuti, bambo ake n'kunena kuti kanauluka pawindo la minibasi.

"Aka ndi kake. Pa khadi lake anajambulitsa atavala aka, ndiye akuti, 'Vala, nkhalamba za zipewa zimafanana zonse, kalaliki sayang'ana kawiri.' Iye anabwerera kunyumba mutu uli pamtunda, dazi likuwala, munthu amene chikwatireni sanaonekepo pamsewu wopanda chipewa. Akuti udzabweze ukachira. Ndachira, ndabwera nako, mwini wake kulibe."

Anadzuka movutikira, ndodo n'kugwa, ndipo palibe anaitola. Anafika pamene panali Ragab.

"Anandiveka chonchi, taona."

Anaika kachipewako pamutu pa Ragab, anakakokera pansi ndi manja onse awiri mpaka kanafika m'makutu, anakapendeketsa pang'ono kumanzere, kenako anamusisita patsaya kawiri ndi chikhatho chake chokhakhala.

"Atatero akuti, 'Akaitana Bayoumi uyankhe mwamphamvu, wamva? Usakandichititse manyazi.'"